Mataiti a Pinki M'mikono Mwanga

Ntchito yanga ndi yokweza manja. Anthu amati ndimagulitsa salaula pa Msika wa Lundazi, ndipo sanama, koma zovala aliyense akhoza kukhala nazo. Chimene chimagulitsa juzi ndi kakwezedwe kake. Umaima pa kreti, n'kuigwira m'mapewa mwake, n'kuitukula pamwamba pa mitu ya anthu kuti ngakhale amayi amene akusankha tomato kutsidya kwa ngalande aione, mtima uwagunde. Juzi yomweyo ukaigwirira pachifuwa yasanduka chisanza. Ndinaphunzira zimenezi nditangobwera kuchokera kwathu ku Kasungu, kumene zovalazi timazitcha kaunjika, ndipo kuyambira pamenepo ndakweza manja kuposa m'busa aliyense wa pa boma pano.

Ndinali munthu wonenepa, kunenepa kwenikweni. Makondakitala a minibasi za ku Chipata akandiona ndikubwera ankayamba kuyang'ana kumbali ngati aiwala kumene akupita. Kreti yanga inali yokhomedwa matabwa owonjezera pansi. Kenako shuga anandigwira, ndipo adokotala anandiuza kuti ndisankhe pakati pa vitumbuwa ndi mapazi anga. Ndinayesa kuwafunsa ngati sitingagwirizane pa vitumbuwa vya m'mawa vyokha, koma anandionetsa bambo wina amene anali pa benchi panja, mwendo umodzi wa thalauza utapindidwa ndi pini. Ndinasiya vitumbuwa. Ndinasiya zoziziritsa kukhosi. Ndinayamba kupalasa njinga mpaka ku Mphamba, kwawo kwa mayi a kunyumba, ndipo achibale awo anayamba kundikonda pang'ono poona kuti ndikudya zochepa.

Thupi linachoka, koma khungu silinamve kuti tikusamuka. Linatsala. Kuyambira m'khwapa mpaka pachigongono linkalendewera ngati matumba a feteleza okutumulidwa kale. Ndikakweza juzi, juziyo inkaima, koma mikono inkapitiriza kugwedezeka payokha, ndipo maso a anthu ankachoka pa katundu n'kupita pa ine. Tsiku lina amayi ena, mwana ali kumbuyo, anandiyang'ana kwa nthawi ndithu n'kufunsa mwaulemu kwambiri:

"Adada, juzi taiona. Manje izo ziwili zolendewela ni zingati?"

Msika wonse unaseka, ndi ine ndemwe, chifukwa funso linali labwino. Kusekedwa ndikanapirira. Chimene sindikanapirira chinali chilimwe. M'mapindidwe a khungu muja munkadzaza thukuta, khungu linkanyuka n'kuchita zilonda, ndipo zilonda za munthu wa shuga sizifulumira. Chimodzi chikamapola, chinzake chinkatsegula sitolo pambali pake.

Mwana wanga wamkazi amene amagwira ntchito ku Lusaka ndi amene anati kuli madokotala odula khungu lotsala chonchi n'kusoka mkono kuti ubwerere mwakale. Mayi a kunyumba atamva anati sanaonepo mwamuna wamkulu akupita kwa telala kukachepetsedwa ngati thalauza. Ndinawayankha kuti pa moyo wanga ndatumiza mathalauza ambirimbiri kukachepetsedwa, ndipo palibe imodzi inabwerako ikuchita manyazi.

Nthawi ndinasankha ndekha, mwanzeru zanga. Kwa ife a salaula chaka chonse chili m'nyengo yozizira, pamene alimi agulitsa chimanga ndi fodya ndipo amabwera pa boma atapinda manja m'khwapa, kufuna majuzi ndi majekete. Zimene wapeza m'miyezi imeneyo ndi zimene udzadya mpaka mvula inayo. Ndiponso khamu lili ngati ng'ombe: kumene lamwa madzi chaka chino, chaka chamawa lipita lokha. Pafupi ndi malo anga pali mnzanga wina wamtali ngati mtengo wa magetsi, amene kreti saifuna n'komwe, ndipo kwa zaka zambiri ndinkamugonjetsa ndi pakamwa pokha. Ndinadziwa kuti ndikasowa nyengo imodzi yozizira, anthu anga adzazolowera mthunzi wake. Choncho ndinapita ku Lusaka mvula itangokata, kuti kuzizira kukamafika ndikhale nditabwerera pa kreti ndi mikono yatsopano.

Za opaleshoni sindikumbuka kanthu. Ndinadzuka mikono yonse itakulungidwa mabandeji, ndi timapaipi tiwiri totulutsa madzi tikutuluka m'khwapa. Adokotala anali mayi wamng'ono, msinkhu wa mwana wanga, wolankhula mosathamanga. Patsiku londichotsa timapaipi tija anandiuza zinthu zitatu. Ndisakweze manja kupitirira mapewa kwa mwezi ndi theka. Ndisamale shuga. Ndipo usana ndi usiku ndizivala zothina zapadera m'mikono, zoti zizigwira khungu mofanana paliponse kuti madzi asaunjikane mkati. Anatulutsa zothinazo m'pepala lake n'kutchula mtengo.

Ndinazigwira pakati pa zala. Pa zinthu zonse za m'chipatala chija, ichi chokha ndi chimene ndinkachidziwa kuposa iwo. Ndinakoka, n'kusiya, n'kukokanso, n'kuyang'ana msoko. Inali nsalu ya mataiti, aja amavala atsikana pothamanga, amene ine ndinali nawo belo lathunthu m'chipinda kunyumba, mbewa zikugonapo.

Ndinayamba mofatsa. Ndinayamikira katunduyo, chifukwa sunyoza chinthu chimene ukufuna kugula kwa munthu amene wagwira mpeni pathupi pako. Kenako ndinatchula mtengo wanga. Adokotala anaganiza kuti sindinamve bwino, ndiye anabwereza wawo. Ndinati ndine kasitomala wamkulu, ndasoketsa mikono iwiri nthawi imodzi, payenera kukhala mbasela. Anamwetulira n'kunena kuti mtengo si iwo amaika, koma ngati ndikufuna ndikhoza kukagula ku sitolo ya mankhwala iliyonse, bola zikhale zenizeni ndi za saizi imene andilembera. Apa ndinatulutsa chida changa chomaliza, chimene sichinandigwiritsepo mwala pa msika uliwonse kuyambira ku Kasungu mpaka ku Chipata: kunyamuka. Ndinaimirira pang'onopang'ono, mikono itatambasuka ngati nkhuku yonyowa, n'kuyamba kulowera kukhomo, khutu limodzi nditalisiya kumbuyo kuti limve akandiitana. Ndinafika pakhomo. Ndinakonza nsapato imene sinavuke. Nditacheuka ndinapeza adokotala akusamba m'manja, akuitana wodwala wina.

Mwana wanga atabwera madzulo kuchokera kuntchito n'kufunsa za zothina, ndinamuuza kuti nkhani imeneyo ndathana nayo. Sindinaname. M'mutu mwanga inali itatha.

Nditafika ku Lundazi, ndisanamwe n'komwe tiyi, ndinauza mayi a kunyumba kuti adule mawaya a belo la mataiti. Ndinasankha olimba kuposa onse. Anali a pinki, ndi mzere wasiliva m'mbali. Ndinadula miyendo yonse iwiri, mbali ya ku akakolo n'kuiika padzanja, ya kuntchafu m'khwapa. Anakwana ngati anasokedwera ine. Mayi a kunyumba anaima pakhomo manja ali m'chiuno.

"Imwe, simuchapa? Muziwa wamene anavala?"

Ndinawafotokozera, monga munthu wa ntchitoyi, kuti fungo lija limatuluka belo likatsegulidwa ndi mankhwala amene amathira kunja kuti aphe tizilombo tonse, ndipo chovala cha m'belo n'choyera kuposa bandeji. Ndinawonjeza kuti kuchapa kumapha lasitiki. Anati "Yewo, adokotala," n'kutuluka kukapatsa nkhuku madeya.

Vuto linali limodzi lokha. Ntchafu ya mtsikana wa ku Ulaya ndi yaikulu kuposa mkono wanga watsopano, ndiye kumtunda mataiti ankatsetsereka. Ndinathetsa zimenezi ndi lasitiki wa m'chiuno wa mataiti omwewo, kumuzunguliza m'khwapa n'kumanga mfundo. Kumanzere ndinamanga ndi dzanja lamanja limodzi, ndi mano, ndipo mfundo inali yofooka. Kumanja ndinapempha mayi a kunyumba kuti akoke, ndipo anakoka monga munthu amene ali ndi mawu ambiri osanena.

Masiku oyamba ndinkayenda monyada. Ndinkakhala pakhonde, jekete nditaponya pamapewa, kuwerengera m'mutu zimene anthu osadziwa nsalu amataya ku Lusaka. Kenako dzanja lamanja linayamba kutupa. Zala zinanenepa mpaka mphete yanga inamira. Ndinaganiza kuti adokotala anati zikhale zothina, ndipo ngati kuthina kuli mankhwala, kuthina kwambiri ndi mankhwala ambiri pa mtengo womwewo. Pamwamba pa chigongono panatuluka chotupa chofewa, ndipo ndikagwedeza mkono ndinkamva madzi akuyenda mkati ngati m'chigubu chosadzaza. M'khwapa, pamene lasitiki ankadutsa pamsoko penipeni, pankatentha ndi kuyabwa. Sindinavule kuti ndione, chifukwa anati usana ndi usiku, ndipo ine ndimamvera adokotala.

Kunyumba kunanditopetsa, ndiye ndinayamba kupita kumsika kukangokhala pa mpando, mayi a kunyumba akugulitsa. Kumeneko ndinapeza kuti Lundazi yense anaphunzira udokotala ine ndili ku Lusaka. Wokonza njinga anati pa bala lililonse palibe choposa mafuta a mabuleki a galimoto, ndipo anandionetsa chipsera chake pamwendo, chimene chinkaoneka ngati umboni wotsutsa mawu ake omwe. Amayi ogulitsa kapenta anati mchere ndi phulusa. Mkulu wina wa mpingo anati vuto si bala, vuto n'lakuti ndinabweza kwa Mulungu khungu limene anandipatsa popanda kumufunsa. Ena ankanong'ona kuti khungulo ndinakagulitsa, ndipo chimene chinandipweteka n'chakuti ankatchula mtengo wotsika. Mnzanga wamtali uja ankabwera m'mawa uliwonse kudzandipatsa moni wa Chitumbuka, "Monile adada, mwagona uli," nkhope ili yachifundo kwambiri, maso ali pa mabelo anga a majuzi.

Kuzizira kunafika msanga chaka chimenecho. M'mawa wina kunabwera bambo wina wa ku Mphamba, kasitomala wanga wa zaka zambiri, amene akagulitsa fodya amaveka banja lonse mpaka apongozi. Anandipatsa moni, anandipepesa za matenda, kenako mapazi ake anayamba okha kulowera kumene wamtali uja anali atatukula jekete lachikopa kumwamba ngati mbendera. Ine ndinali ndi jekete loposa limenelo, la ubweya mkati. Mayi a kunyumba anali atalinyamula pachifuwa ngati akufuna kulipisira.

Mwezi ndi theka unali usanakwane. Koma ine ndinali nditaganiza kale kuti dokotala akati mwezi ndi theka ndiye kuti wayambira pamwamba, monga timachitira tonse, ndipo mtengo weniweni uli cha pakati. Ndinalanda jekete lija, ndinaponda kreti, ndinaitana bambo aja ndi dzina la mwana wawo woyamba, n'kutukula manja onse awiri mpaka kumwamba.

Phokoso lake ndinalidziwa ndisanamve ululu. Ndi lija limamveka munthu wonenepa akamayesa thalauza yaing'ono n'kunjuta. Kenako china chofunda chinatsika m'nthiti. Jekete langa la pamapewa linagwa, ndipo msika wonse unaona bambo wa zidzukulu ataima pa kreti, mikono ili pinki ndi mizere yasiliva, mbali imodzi ikuda pang'onopang'ono. Fungo linafika kwa anthu a kutsogolo, ndipo anabwerera m'mbuyo. Bambo a ku Mphamba aja anagula jeketelo osanenerera n'komwe. Ndikuganiza kuti ankangofuna kuti nditsike.

Mayi a kunyumba anandikweza pa njinga ya hayala mpaka kuchipatala cha pa boma, iwo akutsatira pa ina. Anesi amene anatilandira anatenga sizasi n'kuyamba kudula mataiti kuchokera padzanja. Atafika pa mfundo ya m'khwapa anaima.

"Adada, ivi anakupatsani ku Lusaka?"

"Ndi za ku Ulaya zimenezo, asisita."

Sanaseke. Anadula lasitiki, ndipo pamene anali panatsala ngalande yozungulira mkono wonse. Ndinayang'ana kamodzi kokha. Msoko wa m'khwapa unali utatseguka kutalika ngati chala, m'mbali mwake mofiira ndi motupa, mkati muli mafinya. Adokotala a pamenepo, bambo wa imvi zochepa, anabwera n'kupopa madzi a m'chotupa chija ndi jakisoni wamkulu. Anandiyeza shuga n'kupeza kuti wakwera, thupi likutenthanso. Anandifotokozera popanda kukalipa kuti lasitiki anatseka njira, madzi anasowa kolowera, msoko unanyowa n'kudyeka, tizilombo tinalowa, ndipo jekete lija linangomaliza ntchito imene inali itayamba kale. Mkono wamanzere, umene ndinamanga mwaulesi ndi mano, unali kupola bwinobwino.

Ndinawapempha kuti angosokanso, ndipo ndinalonjeza kuti ulendo uno ndikhala phee. Anati bala la mafinya salisoka, chifukwa kutero n'kutsekera mdani m'nyumba. Liyenera kukhala lotseguka, kutsukidwa tsiku ndi tsiku, kuti lidzaze lokha kuyambira pansi. Ndinati asoke theka lokha. Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi n'kunena kuti kwa munthu wa shuga, matenda otere akalowa mkati, nkhani imasiya kukhala ya khungu n'kukhala ya mkono wonse. Kenako ndinafunsa kuti zitenga nthawi yaitali bwanji, ndili wokonzeka kale kudula pakati chilichonse chimene anene.

"Bala lizatiuza lokha," anatero, n'kupita.

Moyo wanga wonse sindinakumanepo ndi wogulitsa wosatchula mtengo. Ndinalibe poyambira.

Anandigoneka masiku angapo, akundibaya mankhwala a m'mitsempha. Mwana wanga anaimba foni. Sanakweze mawu, ndipo ndikanakonda akanakweza. Anangofunsa ngati ndikudziwa kuti anasiya kumanga nyumba yake kuti ine ndisokedwe, n'kunena kuti zothina zenizeni azitumiza pa basi. Zinafika m'pepala lomwe lija. Ndinazigwiranso pakati pa zala, ndipo mpaka lero ndikunena kuti nsalu yake ndi ya mataiti. Kungoti zilibe mfundo, ndipo zimagwira mofanana kuyambira padzanja mpaka paphewa. Kumanja sindinathe kuzivala n'komwe mpaka bala litachepa.

Nyengo yozizira yonse ndinaithera pa benchi ya otsukidwa mabala. M'mawa uliwonse ndinkadutsa kumsika, mkono uli pa nsalu yokoleka m'khosi, ndikuona khamu langa litazungulira wamtali uja. Ena ankandipatsa moni atavala kale majuzi ake. Kutsuka kwake sindikufuna kufotokoza zambiri. Anesi ankalowetsa thonje lonyowa mpaka pansi pa bala, ndipo ine, amene ndimatha kuitana munthu ali kudepoti ya basi, ndinaphunzira kulira osatulutsa mawu chifukwa pambali panga pankakhala ana a sukulu opsa ndi phala amene sankalira. Bala linkachepa, kenako n'kuima sabata lathunthu osasuntha, kenako madzi n'kubwereranso pachigongono, n'kupopedwanso. Mayi a kunyumba ankayala majuzi pansi pa pulasitiki n'kukhala pambali akuluka. Kreti sankaiponda. Ankati iwo sanabadwire kukuwa. Ankagulitsa pang'ono, kwa achibale awo makamaka, amene ankati adzabwera kudzaonana nafe akakolola chaka chinacho. Pamene mphepo yotentha inkayamba, mabelo a majuzi anali akadali m'chipinda, ndipo mbewa zinasamukira m'menemo chifukwa munali mofunda kuposa m'mataiti.

Bala linatseka chilimwe chili pakati. Linasiya chipsera chokhuthala ngati chingwe cha ng'ombe, chodutsa m'khwapa n'kukoka. Tsiku limene ndinabwerera pa kreti ndinatenga shati yoyera, n'kuigwira m'mapewa, n'kukweza. Dzanja lamanzere linapita kumwamba mosavuta, losalala, lokongola kuposa la mnyamata. Lamanja linafika pa khutu n'kukana. Shatiyo inapendekeka ngati yavalidwa ndi woledzera, ndipo palibe munthu amagula shati yoledzera. Ndinayesa ndi diresi, zinali chimodzimodzi.

Tsopano ndimagulitsa zovala za makanda, zimene dzanja limodzi limakwanira. Makasitomala anga ndi amayi oyamwitsa, anthu amene sanagone ndipo saopa munthu, ndipo amanenerera mpaka ine ndemwe ndimayamba kukayika ngati katunduyo ndi wanga. Majekete ndi majuzi a Lundazi yense ali kwa wamtali uja. Amandipatsabe moni m'mawa uliwonse.

Kuchipatala anati chipsera chikhoza kufewa ngati ndizichikoka pang'onopang'ono. Anandiphunzitsa kuima moyang'ana khoma n'kumakweza zala za dzanja lamanja, chimodzi pambuyo pa chinzake, ngati kangaude, mpaka pamene ululu wanena kuti basi. Ndimachita zimenezi m'mawa kuseri kwa nyumba, ndipo mayi a kunyumba amalemba ndi khala pamene ndafika. Mizere ikukwera, koma mwaulesi, moti ina imakhudzana. Sabata latha ndinadumpha mzere wakale ndi chikhatho chathunthu. Ndinaitana mayi a kunyumba kuti abwere ndi khala msanga, adzaone okha kuti kuzizira kukubweraku wamtali uja aona zakuda. Anabwera akupukuta m'manja pa chitenje. Sanayang'ane khoma. Anayang'ana pansi.

"Tsitsani vidende, imwe."

Ndinatsitsa zidendene. Analemba mzere pamwamba pang'ono pa wakale uja, pang'ono kwambiri moti khala lenilenilo linali lonenepa kuposa mpata wake, n'kubwerera kukatsuka mbale.